"Ana Osiidwa": njira imene nyimbo ya a Namoko inadzera

Pali nyimbo zina zoti zikangoyamba kulira pa wailesi, ngakhale mukhale mu minibasi momwe kondakitala akukangana ndi anthu za chenji, phokoso limayamba latsika. Imodzi mwa nyimbo zoterezi ndi "Ana Osiidwa" ya malemu Alan Namoko ndi gulu lawo la Chimvu Jazz la ku Thyolo. Chimbale chodziwika ndi dzina lomweli chinatuluka mu 1992, eni akewo anatisiya mu 1995, koma mpaka lero nyimboyi siinafwifwe ayi.

Chimene chandilembetsa nkhani ino ndi mmene ife a m'tauni timaikambira nyimboyi. Pali magulu awiri. Loyamba limati nyimbo ndi yabwino koma inajambulidwa mwachimidzi-midzi, ndiye pakufunika mnyamata wa kompyuta aichape, aithire kiyibodi ndi ng'oma za magetsi kuti imveke ngati ya anthu. Lachiwiri limaikonda mwachisoni: aaa, bambo aja anali osaona, anali osauka, tiyeni tingowaombera m'manja. Ine ndikuti magulu onse awiriwa sakuimva nyimboyo. Oyambawo akufuna zimene mulibe, achiwiriwo akumva umphawi wa woimba m'malo momva luso lake. Kalilidwe ka nyimboyi kanachokera kumene inkaimbidwa ndi kwa amene ankajambula oimba a nthawiyo, ndipo munthu sangaiweruze bwino asanaidziwe njira imeneyo.

Anzathu a kunja akamalemba mbiri ya nyimbo zawo za rock, ntchito imawaphwekera. Titenge "Crossroads" ya gulu la ku England la Cream. Aliyense wofuna kudziwa amapeza kuti inajambulidwa gululi likuimba pamaso pa anthu ku San Francisco mu Malichi 1968, ndi kuti inachokera ku nyimbo ya Robert Johnson imene inajambulidwa pa 27 Novembala 1936 m'chipinda cha hotela ku San Antonio. Amadziwa tsiku ndi chipinda chifukwa ojambulawo anali makampani ogulitsa zimbale, ndipo wamalonda saiwala kulemba nambala pa katundu wake. Kwathu kuno wojambula wamkulu anali wailesi ya boma, imene cholinga chake chinali kudzaza mapologalamu, osati kugulitsa. Tsono mbiri ya "Ana Osiidwa" tiyenera kuifuna m'malo atatu: ku minda ya tiyi kumene inabadwira, ku wailesi kumene dziko linamvera mawu a woimbayu, ndi ku Scotland kumene inatulukira pa chimbale.

Kumene inabadwira

Munthu wodutsa pa msewu wochokera ku Limbe, kudzera pa Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo, amangoona kukongola: zitunda zobiriwira, zometedwa bwino ngati mutu wa mwana wa sukulu. Koma eni dera amadziwa kuti pansi pa kubiriwirako pali mkangano wa malo umene sunathe. Tiyi wa malonda anayambira ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ku Thyolo anafika cha m'ma 1908, ndipo esiteti ya Satemwa inatsegulidwa mu 1923. Malo ambiri a m'derali analowa m'manja mwa azungu ndi zikalata zimene boma la Harry Johnston linkapereka m'zaka za m'ma 1890. Anthu amene anapezeka pa malowo, pamodzi ndi Alomwe amene ankalowa m'dziko muno kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankalipira pokhala pawo ndi thukuta. Ndiyo thangata ija, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito koma anasanduka dzina la goli. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo wa malo ndi wa chitaganya unaphulikira ku Thyolo komweko, zipolowe n'kufalikira m'maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata inathetsedwa pa lamulo mu 1962, koma minda ya tiyi inakhala pomwe inali, anthu n'kumapanikizanabe m'mphepete mwake.

A Namoko anabadwa mu 1956, patangopita zaka zitatu chichitikire zipolowezo. Wina afunsa kuti nanga nkhani ya malo ikukhudzana bwanji ndi nyimbo ya ana? Ikukhudzana kwambiri. Pa mwambo wa Alomwe ndi Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi, ndipo kholo likamwalira amene amayang'anira ana ndi malume awo, mwini mbumba. Mwambo umenewu umayenda bwino pamene pali munda woti mwanayo apatsidwe mizere yake. Pamene munda wachepa, dzanja lina lowonjezera pa mbale ya nsima ndi chiyambi cha kunyinyirika. Ku malaini a pa esiteti n'kovutirapo, pakuti nyumba imayendera ntchito: mwini ntchito akamwalira, otsala ayenera kumanga katundu. Choncho a Namoko akamaimba za ana osiyidwa, omvera awo oyamba sankafuna womasulira.

Taonaninso dzina la nyimboyo. Chichewa chili nawo kale mawu oti "ana amasiye", ndipo mawu onse awiriwa amachokera ku tsinde limodzi la "kusiya". Koma "amasiye" amatseka nkhani: kholo lamwalira, basi. "Osiidwa" ali ndi mphanda zambiri. Akulowamo mwana amene makolo ake ali ku manda, akulowamonso amene bambo ake anakwera ndege ya Wenela n'kusanduka mtchona ku Joni, ndi amene mayi ake anakwatiwa kwina n'kumusiya kwa agogo. Paja mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo boma linaimitsa ulendo wa ku migodi mpaka 1977. Ana a anthu amenewo anali amasiye, koma ambiri anali atasiyidwa kale ndegeyo isanagwe.

Chinanso, mawu oti "osiidwa" satchula wosiyayo. Kuyambira 1968 dziko lino linali ndi lamulo lopereka mphamvu ku bungwe la Censorship Board kuti lizisefa mabuku, makanema ndi nyimbo, ndipo woimba aliyense ankadziwa kuti liwu limodzi lokhota likanatha kumugoneka m'chitokosi. Kulira popanda kuloza chala kunali kuchenjera. Koma ine ndimaona kuti kunalinso mphamvu, chifukwa womvera aliyense ankadziikira yekha dzina la wosiyayo: wina imfa, wina mgodi, wina kapitawo, wina malume osakaza chuma cha masiye.

Zoimbira za kopanda magetsi

Tsopano tibwere ku kalilidwe kamene ena akufuna kukachapa. Magulu ngati Chimvu Jazz sankaimba m'maholo a mahotela. Ankaimba pa msika, pa mowa, pa ukwati, ndi pamene anthu a pa esiteti alandira malipiro. Kumeneko kulibe magetsi, kulibe sipika, ndipo kuli anthu oledzera amene sakhalira chete munthu. Woimba ayenera kumveka ndi mphamvu ya chala ndi ya kukhosi basi.

N'chifukwa chake banjo inali mfumu. Inafala m'dziko muno makamaka itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene asilikali ndi anthu ochokera ku ntchito za kunja ankabwerera kwawo, ndipo anyamata a m'midzi anaphunzira kudzipangira zawo ndi zigubu, matabwa, zikopa ndi mawaya. Banjo ili ndi khalidwe lake: imalira mokweza ndi mobaya, koma kulirako kumafa msanga. Kuti nyimbo isaduke, woimba ayenera kumangokhwekhwereza zingwe mosalekeza. Apa ndi pamene pamachokera kaliwiro kaja ka nyimbo za a Namoko, kamzere kafupi kobwerezedwa-bwerezedwa ngati minsi iwiri ikusinthana mu mtondo umodzi. Liwu la woimba nalonso liyenera kukwera pamwamba pa banjo ndi ng'oma, ndiye limatuluka lakuthwa, lokalipa pang'ono, ndipo anzake amalipolokozera monga zimachitikira pa gule aliyense wa kwathu. Zimene makutu a m'tauni amazitcha kukhakhala ndiye zimene zinkachititsa kuti munthu wa kumapeto kwa bwalo amve mawu.

Apa palinso chinsinsi cha nyimboyi chimene a gulu lachisoni aja sachiona. Nkhani yake ndi ya maliro koma miyendo yake ndi ya gule. Munthu ukhoza kuivina uku m'maso muli misozi. A Namoko sakupempha kuti tiwamvere chisoni, akutiitanira m'bwalo, ndipo tikalowamo ndiye amatiuza zowawazo. Wolemba ndakatulo aliyense amadziwa kuvuta kwake kwa chinthu chimenechi: ukalira kwambiri anthu amathawa, ukasekerera kwambiri uthenga umasowa. Iwowa anaupeza mlingo wake.

Pa nkhani ya zoimbira, pali kanthu kamene kamalumikiza minda ya tiyi ndi nyimbo za rock. Kale tiyi ankapita ku London m'mabokosi a matabwa opyapyala. Bokosi lotere likatha ntchito, ukaliboola n'kumangapo chingwe chimodzi ndi ndodo, limasanduka besi. Anyamata oimba kwela ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950 ankaimbira besi yotere, ndipo magulu a kwela a kuno kwathu, monga la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, anali ndi besi ya chingwe chimodzi, imene lero timaidziwa ndi dzina loti babatoni. Ku England nako, m'zaka zomwezo, anyamata osauka oimba skiffle ankaimbira bokosi la tiyi, ndipo gulu la The Quarrymen la John Lennon, limene pambuyo pake linabala The Beatles, linali nalo bokosi lake. Kusiyana kwake n'kwakuti anyamata a ku Liverpool atakula anapeza makampani owagulira magitala a magetsi ndi kuwalowetsa m'masitudiyo. A kuno anapeza khomo limodzi lokha.

Khomo la ku Chichiri

Ufulu usanabwere, woimba wa ku Nyasaland wofuna kujambulidwa ankadalira alendo kapena ulendo. Hugh Tracey anadutsa muno ndi makina ake mu 1950, 1957 ndi 1958. Wailesi imene makolo athu ankamvera pa timawailesi tija totchedwa "saucepan" inkaulutsira ku Lusaka. Mu 1964 ndi pamene MBC inayamba, ndipo kwa zaka pafupi-fupi 30 inali wailesi yokhayo ya dziko lino. Kampani ya Nzeru inayesa kutulutsa zimbale za oimba a kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 koma siinakhalitse. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, a Namoko atamwalira kale. Tsono m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene dzina lawo linkamveka kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, linkamvekera pa chingwe chimodzi: tepi ya MBC.

Kajambulidwe ka magulu oterewa kanali kosavuta kufotokoza koma kovuta kuchita. Gulu lonse linkaimba pamodzi, nthawi imodzi, pamaso pa maikolofoni, ndipo zonse zinkalowa pa matepi akulu-akulu ozungulira aja. Panalibe zoti lero tijambule ng'oma, mawa banjo, mkuja mawu, monga achitira anyamata a masiku ano. Wina akaphonya, mwina muyambirenso kapena cholakwacho chikhale momwemo mpaka kale-kale. Tikamamva liwiro likukwera pang'ono nyimbo ikamapita kumapeto, kapena wopolokoza akulowa mofulumira kuposa mnzake, tikumva anthu amoyo akumverana m'chipinda chimodzi. Kwa mtsogoleri wosaona, amene sakanatha kukodola anzake ndi diso, kumverana kumeneku ndiye kunali chiwongolero cha gulu lonse. Mukachotsa zimenezi ndi kuika ng'oma ya makina imene siphonya, mwachotsa umboni wa luso lawo.

Tiyenera kuiyamikira MBC pa chinthu chimodzi chachikulu. Popanda iyo, a Namoko akanakhala woimba wa pa msika wodziwika kwa anthu a mudzi wawo okha. Ndipo taganizani izi: kuchokera mu 1968 wailesiyi inkaulutsa mawu m'Chichewa ndi m'Chingerezi mokha, zinenero zina n'kudzabwerera pambuyo pa 1994. Koma a Namoko ankaimbanso m'Chilomwe. Chinenero chimene sichinkaloledwa kuwerenga nkhani chinkalowa m'nyumba za anthu kudzera pa banjo, pa nthawi imene Alomwe ambiri ankachita manyazi kuchilankhula pa gulu. Imeneyi si ntchito yaing'ono.

Koma khomo limodzi lili ndi mtengo wake. Tepi inkatsala ku wailesi, woimba n'kubwerera kwawo ndi kutchuka. Lamulo latsopano loteteza eni luso linabwera mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA, lotolera ndalama za oimba, linayamba ntchito mu 1992. Pamenepo n'kuti a Namoko atasangalatsa dziko kwa zaka zambiri, ndipo anali atatsala ndi zaka zitatu zokha za moyo. Makaseti atafala, aliyense wokhala ndi wailesi ya kaseti ankangodina batani nyimbo ikamalira, ndipo nyimbo zinkayenda dzanja ndi dzanja popanda tambala kufika kwa mwini wake. Ambiri a ife amene timawatamanda lero tinawamvera mwa njira imeneyi.

Chimbale cha 1992

Amene anaika dzina la a Namoko pa chimbale choti n'kugulitsidwa kunja ndi Dr John Lwanda, dokotala ndi mlembi wa Chimalawi wokhala ku Scotland, kudzera m'kakampani kawo ka Pamtondo. Dzina la kampaniyo likuuzani kale maganizo a mwini wake, pakuti pa mtondo ndi pamene amayi athu ankanenera m'nyimbo zimene sakanatha kunena pa bwalo la milandu. Pa nyimbo zonse za a Namoko, imene inapereka dzina ku chimbalecho ndi "Ana Osiidwa".

Chaka chimene chimbalechi chinatuluka chinali chaka chosaiwalika. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Mu Meyi anthu a pa ntchito ananyanyala mu Blantyre, ndipo kunyanyalako kunafika mpaka ku maesiteti a tiyi. Kunali chilala choopsa. M'dziko muno munali anthu pafupi-fupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique. Ndipo matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, anali atayamba kudzaza manda ndi anthu a misinkhu yobereka, pamene akulu-akulu a boma ankazengereza kuitchula nkhaniyo poyera. Mawu oti ana osiyidwa anapeza mphanda ina imene inakula kuposa zinzake zonse. Ku Thyolo komweko mankhwala otalikitsa moyo anadzayamba kuperekedwa kwa anthu wamba mu 2003, ndipo pakati pa zaka zimenezi agogo ambiri analera zidzukulu ndi manja okalamba. Nyimbo yabwino imatero: zaka zikamasintha, iyo imapeza mwini watsopano.

Ku Britain chimbalechi chinafika m'manja mwa John Peel, muulutsi wa BBC Radio 1 amene anatchuka ndi kutulukira magulu a rock ndi punk anthu ena asanawadziwe, ndipo anaziika nyimbo za a Namoko pa pologalamu yake. Sindikunena izi kuti luso lathu limafuna chidindo cha mzungu. Ndikungofuna a gulu lochapa aja aganizirepo: munthu amene tebulo lake linkadzaza ndi zimbale zojambulidwa m'masitudiyo odula anasankha kuika banjo ya ku Thyolo momwe inalili, yosathira mafuta. Kwathu kuno, m'zaka zomwezo, makutu anali atatembenukira ku reggae ya ku Balaka ndi kiyibodi, ndipo chimbale cha CD chinali chinthu choti ngakhale a m'tauni ambiri analibe choimbira chake. Nyimboyi inatsata njira ya tiyi weni-weni: wabwino kupita kunja m'bokosi lokongola, eni munda n'kumamwa wa fumbi.

Kodi ndi blues?

Olemba a kunja amakonda kuwatcha a Namoko woimba blues, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: munthu wosaona, wa ku minda ya azungu, woimba za mavuto, amawakumbutsa Blind Lemon Jefferson ndi anzake a kum'mwera kwa America. Dzinalo linathandiza kugulitsa chimbale, koma ife tisalimeze lonse. Blues ya ku America kawiri-kawiri imayenda pa mizere 12 yokhala ndi pokwerera ndi potsikira pake. Nyimbo za a Namoko zimazungulira pa kamzere kafupi kosasintha, ndipo kusintha kumachitika m'mawu ndi m'kapolokozedwe, monga m'magule a Chilomwe ndi Chimang'anja. Ngakhale dzina loti "jazz" limene magulu awa ankadzipatsa silinkatanthauza jazz ya ku New Orleans. Linkangotanthauza gulu la zingwe ndi ng'oma loimba nyimbo zovina zamakono. Tikawatcha a blues basi, tikuwasandutsa mphwake wa munthu wa ku Mississippi, pamene iwo anali ndi makolo awo-awo: oimba bangwe, oimba pa mtondo ndi ovina tchopa.

Ndisaname kuti zonse ndi uchi. Kamzere kobwereza-bwereza kamene kamagwira ntchito pa bwalo kamatha kutopetsa munthu amene wakhala pa mpando kumvera nyimbo zambiri motsatizana, ndipo zina zimafanana mayambidwe moti umadikira mawu kuti udziwe kuti ndi iti. Pena banjo imakwirira mawu, womvera n'kutaya chiganizo chonse. Zimenezi n'zoona, ndipo zikusonyeza kuti nyimbozi anazipangira miyendo ndi khamu, osati chipinda chochezera. Koma mphamvu ya a Namoko inali kwina. Taonani maina a nyimbo zawo zina: "Lameki", "Achilekwa", "A Namoko Akulira". Munthuyu ankaimba za anthu okhala ndi maina, ndipo sankaopa kudziika yekha m'nyimbo. Pa nthawi imene wailesi inkadzaza ndi nyimbo zotamanda munthu mmodzi, iwo ankatchula anthu wamba ngati kuti nawonso ndi oyenera kutchulidwa. Pakati pa nyimbo za maina zimenezi, "Ana Osiidwa" imaima payokha chifukwa ilibe dzina la munthu pa mutu pake. Ndi ya aliyense.

Tichite nayo chiyani?

Sindikuletsa achinyamata kuimbanso nyimbo zakale. Tinaona mu 2020 mmene Patience Namadingo anakhalira pansi ndi agogo Giddes Chalamanda, ndipo "Linny Hoo" inazungulira dziko lonse lapansi pa intaneti. Chimene chinakoma pamenepo n'chakuti mwini nyimbo analipo, liwu lake lokalamba linamveka momwe lilili, ndipo wachinyamatayo anadzichepetsa. A Namoko sangakhale nawo pa mpando wotero. Amene akufuna kugwira nyimbo yawo ayambe wamvera tepi yakale mpaka aidziwe pamene ikupumira. Adziwenso kuti lamulo la dziko lino limateteza ntchito ya mwini luso kwa zaka 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti nyimbo za a Namoko zili ndi eni ake mpaka 2045. Kungakhale kuchititsa manyazi kuti munthu adyere nyimbo ya ana osiyidwa uku akuwamana ana a woimbayo.

Amene akuganiza kuti zoimbira zopanga pamanja ndi zachikale ayang'ane Madalitso Band ya ku Lilongwe ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene akhala akuimba babatoni m'maiko a ku Ulaya, anthu n'kumalipira kuti awaone. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ife timachita manyazi ndi kalilidwe kamene ena amakwerera ndege kukafuna.

Chotsala ndi mbiri. M'zaka za m'ma 2010, ndi thandizo lochokera ku Norway, matepi akale a MBC anayamba kusamutsidwira pa kompyuta, muulutsi wa kumeneko Sigbjørn Nedland ali mmodzi wa otsogolera ntchitoyo. Imeneyo inali ntchito yopulumutsa mawu. Koma tepi imasunga nyimbo, siisunga nkhani. Kudakali anthu ku Thyolo amene anavina pamaso pa Chimvu Jazz, kudakali opuma ntchito a wailesi amene anagwira makina masiku amenewo, ndipo onsewa akukalamba. Ophunzira za nyimbo ku Zomba, atolankhani anzanga, a COSOMA ndi inu a Mulhako wa Alhomwe amene mumasonkhana chaka ndi chaka pa Chonde: tengani zolembera ndi zojambulira, mukhale nawo pansi anthu amenewa, mufunse kuti ankaimba ndani ng'oma, ankapolokoza ndani, anapita liti ku situdiyo, ndipo anabwerako ndi chiyani. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Thyolo si ulendo wogona panjira ayi.